Momwe mungayezetsere CK m'magazi ndi kumvetsa zotsatira zake

CK, kapena kuti creatine kinase, ndi enzaimu (puloteni yothandiza thupi kugwira ntchito) yopezeka m'kati mwa minofu ya thupi, mumtima, ndi pang'ono muubongo. Mnofu ukavulala, CK imatayikira m'magazi. N'chifukwa chake dokotala amaiyeza munthu akamadandaula kuphwanya kwa thupi kapena kufooka kwa miyendo kosadziwika chiyambi.

Choyamba, pumulani. Ambiri amanyozera pamenepa. Amene wanyamula zitsulo dzulo, kapena wathamanga mtunda wautali, CK yake imakwera ngakhale ali bwinobwino, ndipo imafika pachimake pakatha tsiku limodzi mpaka atatu. Siyani masewera olemetsa kwa masiku osachepera atatu musanakayezetse. Kudya mutha kudya, sikusokoneza kanthu.

Mukafika, muuzeni dokotala zonse: mankhwala a statin otsitsa mafuta m'magazi, jakisoni amene mwabayidwa pamnofu posachedwapa, mowa wambiri, kugwa, kapena kudwala khunyu. Chilichonse mwa izi chimakweza CK, ndipo mukabisa mumusokeretsa.

Kutenga magaziwo sikuchedwa. Lamba pamkono, singano pamtsempha, kachubu kamodzi, basi.

Zotsatira zimalembedwa mu U/L, kutanthauza mayunitsi pa lita imodzi. Ma labu ambiri amaika malire pafupi ndi 200, koma yang'anani malire olembedwa papepala lanulo. Amuna, anthu aminofu ikuluikulu komanso anthu akuda amakhala ndi CK yokwererapo mwachibadwa, choncho 300 isakusowetseni tulo. Kawirikawiri dokotala amangoti mupume sabata imodzi, muyezetsenso.

Nambala ikaposa malire kasanu, monga 1,000 kupita m'mwamba, nkhani yasintha. Minofu ikhoza kukhala ikuwonongeka mofulumira, vuto lotchedwa rhabdomyolysis. Ngati ntchafu zatupa, zikupweteka, ndipo mkodzo wada bii kapena ukutuluka pang'ono, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Puloteni ya myoglobin yochokera m'minofuyo imawononga impso, ndipo thandizo loyamba ndi madzi ambiri a m'diripi.

CK yosatsika ngakhale mwapuma imafuna kufufuza kwina: chithokomiro chofooka, kutupa kwa minofu, kapena matenda akumtundu. Mwana wamwamuna amene podzuka pansi amayamba wagwira mawondo ndi manja, n'kumakwera ntchafu zake pang'onopang'ono, ayezedwe matenda ofooketsa minofu a Duchenne, amene amakweza CK kufika m'masauzande.

Ngati chikupweteka ndi chifuwa, musadikire CK. Pofufuza vuto la mtima madokotala masiku ano amadalira troponin, puloteni imene imatayikira m'magazi mtima ukavulala, ndipo vuto lotere n'lothamangira nalo kuchipatala.