Kagwiridwe ka ntchito pamene pulogalamu ikufunika msanga

Mwini ntchito akanena kuti pulogalamu ya pakompyuta kapena pafoni ituluke m'masabata 8, yambani mwaona mmene ntchito imafikira pagulu lanu. Ngati zofunika zingathe kukhala masabata awiri osasinthidwa, tengani Scrum, njira yogawa ntchito m'zigawo zazifupi zotchedwa sprint: sprint iliyonse ya masabata awiri, anthu osapitirira 10, ndi kukumana mphindi 15 tsiku lililonse. Ngati zopempha zimangogwa mwadzidzidzi, monga pokonza pulogalamu imene anthu akugwiritsa kale ntchito, Kanban, njira yoika ntchito zonse pa bolodi n'kumazisuntha mpaka zitatha, ndiyo ikuyenerani. Ikani malire pa bolodi, mwachitsanzo anthu anayi asagwire ntchito zoposa zisanu nthawi imodzi, apo ayi aliyense amayamba zake ndipo palibe chimene chimatha.

Tsiku lomaliza silisuntha, ndiye chochepetsa ndi zinthu zimene muike m'pulogalamumo. Khalani pansi ndi mwini ntchito n'kugawa zofuna zake m'magulu anayi a MoSCoW: Must (zosalephereka), Should (zofunika koma zingadikire), Could (zoika mpata ukapezeka) ndi Won't (zosachitika ulendo uno). DSDM, njira ina yoyendetsera ntchito zotere, imalangiza kuti za Must zisadye zoposa 60 peresenti ya mphamvu za gulu, kuti zikavuta pakhale zotaya. Apa mpofunika kulimba mtima, chifukwa mwini ntchito amafuna chilichonse chikhale Must. Mufunseni kuti: chikasowa ichi, kodi pulogalamu siingatuluke? Akazengereza kuyankha, chimenecho ndi Should.

Chimene chikudalira anthu akunja chiyambe mu sprint yoyamba. Kulumikiza pulogalamu ndi Airtel Money kapena Mpamba kumafuna mgwirizano, makiyi a API (zizindikiro zachinsinsi zolola pulogalamu yanu kulankhula ndi makina awo) ndi kuyesa limodzi ndi akampaniwo, ndipo nthawi yake simuilamulira inu. Mukasiya zimenezi kumapeto, sabata ya 8 ikupezani mukudikira.

Malipoti aatali ndi misonkhano yobwerezabwereza mukhoza kuchotsa. Koma kuyesa khodi (malamulo amene mumalemba popanga pulogalamu) ayi. Aliyense aphatikize khodi yake ku nthambi yaikulu ya Git (chida chosungira khodi, chimene makope ake a khodi amatchedwa nthambi) tsiku lililonse, mnzake aiwerenge kaye, ndipo CI (makina oyesa khodi paokha) iyendetse mayeso pa kusintha kulikonse. Nthambi ikakhala payokha masabata awiri, poiphatikiza pamabuka mikangano ya khodi imene imadya masiku. Gawo losatha libiseni ndi feature flag, swichi ya mu khodi yoyatsira kapena kuzimitsira gawo.

Mukachedwa, musathamangire kuwonjezera anthu. Fred Brooks, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, anachenjeza mu 1975 kuti kutero kumachedwetsa ntchito kwambiri, popeza akale amasiya zawo n'kumaphunzitsa atsopano. Chotsani za Could, kenako za Should, ndipo muuzeni mwini ntchito tsiku lomwelo.