Nyemba pakati pa mbale: zimene ndatengera kwa a ku Mexico pochepetsa thupi

Chimanga timachitcha chathuchi kwawo ndi ku Mexico, kumene anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Nyemba, maungu, tomato, tsabola ndi mapeyala zinachokeranso mbali yomweyo. Munda wawo wamakolo, milpa, umakhala ndi chimanga, nyemba zoyanga paphesi ndi maungu oyanga pansi, monga momwe amayi ankalimira kwathu ku Ntcheu. Koma lero kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga zawavuta zedi anthu a ku Mexico, ndipo mabanja ochokera ku Latin America amene ali ku United States amadwala shuga kuposa azungu a kumeneko. Zakumwa za m'mabotolo ndi zakudya za m'mapaketi zinalowa m'nyumba mpaka mu 2014 boma la Mexico linaika msonkho wa peso (ndalama ya kumeneko) imodzi pa lita iliyonse ya chakumwa chothira shuga. Ine ndikuona njira yomweyo kuno ku Mzuzu, chiwaya pakona iliyonse, ndiye a chipatala atawachenjeza bambo akunyumba za mimba ndi shuga, ndinayang'ana chimene mabanja a ku Mexico akhala akuphika kuyambira kale: mphika wa nyemba.

Yambani ndi mphikawo. Ine ndimagula nyemba za ku Jenda mumsika waukulu, n'kuziviika usiku wonse, m'mawa kutaya madziwo. Zoviika zimapsa msanga, makala sapita ambiri, komanso sizidzaza mpweya m'mimba ngati zosaviika. A ku Mexico amaphika zimene amati frijoles de la olla: nyemba, madzi, anyezi, adyo ndi mchere, basi, osakazinga. Msuzi wake umalemera wokha mukaphwanya nyemba zochepa ndi chipande. Alinso ndi nyemba zokazinga m'mafuta a nkhumba, refritos, koma zimenezo zisiyeni. Nyemba zimakhalitsa m'mimba, moti munthu safunafuna mandasi nthawi ya 4 koloko. Mukatopa nazo pali khobwe, nandolo, nzama ndi soya.

Nkhawa ya ambiri ndi yakuti ndiwo zopanda mafuta n'zozizira. Apa m'pamene anzathuwa anandithandiza kwambiri. Patebulo pawo sipasowa tomato wosaphika, anyezi ndi tsabola zoduladula, zofinyira ndimu, zimene amati pico de gallo. Ife kuno kumpoto timazidziwa kale, ndi kachumbali. Supuni ziwiri pamwamba pa nyemba zotentha, ndi kachidutswa ka peyala nthawi yake ikafika, palibe amene amafunsa za mafuta. Peyalalo likhale theka kapena kucheperapo, chifukwa nalonso lili ndi mafuta ambiri ngakhale ndi abwino.

Mukafuna kukazinga, yezani. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo amene amathira kuchokera m'botolo sadziwa kuti wathira zingati. Kwathu supuni imodzi imakwana mphika wa banja lonse. Nkhwani, mpiru, bonongwe ndi chigwada ndimatendera, koma nsinjiro nazo ndimayeza.

Nsima sitinasiye, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti musiye. Tinangosamukira ku mgaiwa. Ufa woyera umataya gaga pokonola, pamene gagayo ndi amene amachedwetsa njala. Tortilla ya ku Mexico, kabuledi kopyapyala kooneka ngati chapati, imapangidwa ndi chimanga chowiritsa ndi laimu wodyedwa kapena phulusa, njira imene imamasula vitamini ya niacin yoteteza ku pellagra, matenda owononga khungu ndi kutsegula m'mimba. Musayese ndi laimu womangira nyumba, chonde. Chimene ndinatengapo ine n'chakuti tortilla ndi yaing'ono ndipo munthu amawerenga kuti wadya zingati. Ndiye ndimaomola mitanda ing'onoing'ono, aliyense m'mbale yake: theka la mbale masamba, mbali ina nyemba, nsima kotsalako. Kondowole ndi mpunga wa Kilombero lamulo lake ndi lomwelo.

Kuzizira kwa Mzuzu kumamwetsa tiyi, ndipo shuga wambiri amalowera pamenepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga patsiku, omwe ndi timasupuni 12. Botolo limodzi la 300ml la zoziziritsa kukhosi lili ndi timasupuni pafupifupi 8. Chepetsani pang'onopang'ono, kasupuni kamodzi kachoke, lilime lizolowere, kenako kena. M'malo mwa buledi wopaka majarini, m'mawa pakhale mbatata yowiritsa, dzungu kapena phala la mgaiwa losakaniza ndi soya. Thobwa wothira shuga muziwerengera ngati chakumwa cha m'botolo.

Musaphikire munthu mmodzi mphika wakewake, amaona ngati chilango. Tonse tidye zofanana. Tsiku lina bambo anafunsa kuti, "Kodi mayi, nyama yakwera mtengo?" Ndinati, "Bambo, Lamulungu ilipo, lero talawani izi." Apongozi nawo anadandaula kuti anthu aziti mwana wawo sakusamalidwa, poti kwathu kuno mimba imaoneka ngati ulemu. Ndinawafotokozera mwaulemu zimene a chipatala ananena, ndipo anamvetsa.

Nyama musaithetseretu. Vitamini B12 sapezeka m'zomera, choncho usipa, mazira kapena mkaka zizipezekako pamlungu. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa musawachepetsere chakudya. Amene akumwa mankhwala a shuga ayambe afunsa kuchipatala, chifukwa akachepetsa nsima mwadzidzidzi shuga akhoza kutsika kwambiri. Ngati mulibe sikelo, tengani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, muzungulize m'mimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Chikalephera kukumana, mimba yapitirira, ndipo muziyezanso kamodzi pamwezi.