Mmene mungatetezere thanzi lanu mukasamukira ku Britain

Kafukufuku wamkulu yemwe anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2018 anapeza kuti chiwerengero cha imfa pakati pa anthu obwera m'mayiko olemera chimakhala chotsika poyerekeza ndi cha mbadwa za mayikowo, kupatula imfa za matenda opatsirana ndi zachiwawa. Chifukwa chimodzi n'chakuti amene amakwanitsa kusamuka nthawi zambiri amakhala athanzi kale. Mwayi umenewu umachepa zaka zikamapita, ndipo matenda ena amagwira anthu akuda msanga kuposa azungu, choncho Mmalawi wokhala ku Britain ayenera kuyamba kuyezetsa asanafike msinkhu umene anzake achizungu amayambira.

Mukangofika, lembetsani kwa GP (dokotala woyamba kumuona mukadwala) wa m'dera lanu musanadwale. Ku England kulembetsaku n'kwaulere, ndipo sakuyenera kukukanani chifukwa chakuti mulibe umboni wa adiresi kapena chikalata chokuvomerezani kukhala m'dzikomo. Mukakumana naye, funsani za chifuwa chachikulu, chifukwa kuyeza kumene munachita pofunsira visa kumangoona matenda amene ayamba kale m'mapapo, pamene tizilombo tikhoza kukhala chete m'thupi n'kudzadzuka patapita zaka. M'madera ena a ku England, anthu a zaka 16 mpaka 35 amene afika m'zaka 5 zapitazi amayezedwa magazi kwaulere pofuna kupeza tizilombo tobisikato.

Nkhani imene ambiri timainyozera ndi ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuyeza thanzi kwa NHS Health Check, kochitidwa ndi zipatala za boma, kumayamba munthu akafika zaka 40, komatu kwa anthu akuda chiopsezo cha matenda a shuga chimayamba kukwera kuyambira zaka 25. Ngakhale muyezo wa kunenepa ndi wosiyana: mzungu amaonedwa kuti wapyola muyezo BMI (nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika kwa thupi) ikafika 25, pamene kwa ife malire ake ndi 23. Musadikire kalata yokuitanani, makamaka ngati kwanu alipo amene anadwala shuga kapena sitiroko, kapenanso ngati mumagwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba n'kumadya mothamanga. Abambo akambirane ndi GP za khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) akafika zaka 45, popeza imagwira bambo mmodzi mwa 4 aliwonse akuda, pamene kwa abambo onse ndi mmodzi mwa 8. Anthu akhungu lakuda amalangizidwanso kumwa mamaikirogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse chaka chonse.

Amayi oyembekezera ayambe sikelo mimba isanakwane masabata 10. Lipoti la 2018 la MBRRACE-UK, gulu lofufuza imfa za amayi ndi makanda ku Britain, linasonyeza kuti chiopsezo chomwalira pa uchembere chinali chachikulu kasanu kwa amayi akuda poyerekeza ndi achizungu, ndipo n'chifukwa chake ndikunenetsa kuti mayi amene akumva mutu waukulu, kutupa nkhope kapena kubanika asalole kubwezedwa asanayezedwe.

Popita kumudzi kukaona abale, makamaka nyengo yamvula, gulani mankhwala oteteza malungo ndipo muyambe kumwa musananyamuke, chifukwa chitetezo chimene munakula nacho chimachepa msanga mukachoka kudera la udzudzu. Mukatentha thupi mutabwerera ku Britain, ngakhale patapita miyezi ingapo, uzani adokotala kuti munali ku Malawi ndipo pemphani kuti akuyezeni malungo tsiku lomwelo.