Build Ikakana: Poyambira Kufufuza

Build (ntchito yosandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda) ikakana, musathamangire kusintha code. Nthawi zambiri code ilibe mlandu. Vuto limakhala pa zida zomwe build ikugwiritsa ntchito, ndipo kawirikawiri si zomwe inu mukuganiza kuti ikugwiritsa ntchito.

Werengani error yoyamba, osati yomaliza. Mizere yakumunsi imangolira maliro a chinthu chomwe chafa kale pamwamba. Ngati mumayendetsa make -j8, mauthenga amasakanikirana chifukwa ntchito 8 zikuchitika nthawi imodzi. Bwerezani ndi make -j1, ndipo ngati Makefile (failo ya malamulo omwe make imatsatira) inapangidwa ndi pulogalamu ya CMake onjezerani VERBOSE=1 kuti muone lamulo lenileni lomwe lakanika.

Pa Gradle, chida choyendetsera build ya mapulojekiti a Java ndi Android, chomwe chimasautsa ambiri ndi kusagwirizana kwa Java. Mukaona "Unsupported class file major version 65", dziwani kuti 65 ndi Java 21, pamene 61 ndi Java 17. Gradle yakale siyidziwa Java yatsopano: Java 17 imafuna Gradle 7.3 kupita m'tsogolo, Java 21 imafuna 8.5. Lembani ./gradlew --version muone Java yomwe yatengedwa, kenako onani komwe JAVA_HOME (setting yosonyeza foda yomwe muli Java) ikuloza. Android Studio imabwera ndi JDK (zida za Java) yakeyake, n'chifukwa chake pulojekiti imatha kuyenda bwino mkati mwake koma n'kukana pa terminal. Konzani JAVA_HOME, kapena kwezani nambala ya version ya Gradle pa distributionUrl mu gradle-wrapper.properties. Sinthani chimodzi chokha n'kuyesa, kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Kuno ku Harare pali vuto lina lomwe malangizo ambiri satchula: magetsi kuzima kapena intaneti kuduka download ili mkati. Failo imatsala yoduka pakati, ndipo Gradle imadandaula kuti "zip END header not found". Chonde musafufute ~/.gradle yonse, mudzatha bundle pokoperanso zinthu zomwe zinali bwinobwino. Lowani mu ~/.gradle/wrapper/dists mufufute foda ya version yowonongekayo basi. Maven, chida china cha build ya Java, nayo imasiya timafailo ta .lastUpdated mu ~/.m2 tokumbutsa kuti download inalephera, ndiye imakana kuyesanso msanga. Lamulo la mvn -U limaikakamiza kuyesanso. Mukapeza wifi yodalirika, kaya ku ofesi m'tauni kaya kwa mnzanu ku Mufakose, yendetsani build yonse kamodzi, pambuyo pake muzigwiritsa ntchito --offline kuti build isamafunenso intaneti.

CMake imasunga njira ya compiler ndi ma library mu CMakeCache.txt, ndipo siyiwala ngakhale mwaika zatsopano. Fufutani foda ya build, kapena lembani cmake --fresh ngati muli ndi CMake 3.24 kupita m'mwamba. Ikanena kuti siyikupeza OpenSSL pa Ubuntu pamene mukudziwa kuti ilimo, chomwe chikusowa ndi ma header; ikani libssl-dev.

Makefile ikanena "missing separator", mzere wa lamulo wayamba ndi ma space m'malo mwa tab.