Kujambula Jupiter ndi foni pa telesikopu

Anzanga amene muli ndi katelesikopu ndipo mukufuna kujambula Jupiter tamverani, ine ndavutika nazo mokwanira kuno ku Dedza. Telesikopuyo itulutseni panja kwa mphindi 30 izizire kaye, mukangoichotsa m'nyumba mofunda nkuyamba pompo chithunzi chimangovina ngati mukuonera m'madzi. Foni osagwira pamanja ayi, imangeni poyang'anira paja, ine ndimamanga ndi mphira za legeni ndipo zimatheka bwinobwino.

Ndiye osajambula chithunzi chimodzi, tengani vidiyo ya mphindi imodzi kapena ziwiri osapitirira, poti Jupiter amazungulira mwachangu, maola 10 asanakwane wamaliza kale. Vidiyoyo muiike mu pulogalamu ya AutoStakkert pa kompyuta, ndi yaulere, imasankha yokha zithunzi zooneka bwino nkuziphatikiza. Chimene chinandizunguza mutu ndi kuwala, mukachepetsa kuti mizere iwiri ya mitambo ya pa Jupiter ioneke miyezi yake yomuzungulira imasowa, mukakweza miyezi inayiyo, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imatuluka ngati timadontho koma Jupiter wangoti mbuu ngati babu. Jambulani kawiri basi, muzaphatikiza pambuyo.

Dikirani Jupiter akwere pamwamba, akakhala chakumunsi pafupi ndi phiri simuphulapo kanthu. Kukachita nkhungu kagoneni. Jekete musaiwale, kuzizira kwa kuno si masewera.