Kamangidwe ka katundu pa njinga ya ulendo wautali

Achimwene mwafunsa kuti katundu mumange bwanji pa njinga paulendo wanu wamasiku atatu wochoka ku Salima kudutsa ku Nkhotakota mpaka ku Dwangwa. Ine ndimapanga chonchi.

Choyamba gwedezani kaliya ndi dzanja, ikamalira mangitsani maboti musanaikepo kanthu, masipoko akumbuyo muwaonenso chifukwa kulemera konse kumathera pamenepo.

Kenako gawani katundu pawiri muzikwama zolemera mofanana, china kumanzere china kumanja kwa kaliya. Zolemera ngati kapoto, ufa ndi masipanala zikhale pansi, zovala pamwamba. Mukaunjika zonse pamwamba pa kaliya njinga imayamba kuvina, basi kapena thiraki ikakudutsani pa M5 paja mphepo yake yokha ikukankhirani kutchire, ine zinandichitikirapo ndinadzuka bondo lili magazi okhaokha. Zovala, bulangete ndi neti ya udzudzu (kunyanja musayerekeze kuisiya) kulungani kaye mujumbo.

Tenti kapena mkeka ugone motsata kaliya, mumange ndi mphira zodula kuchubu chakale, zimagwira kuposa chingwe. Nsonga zake pindirani mkati zisalendewere, zikalowa mutcheni mwagwa nayo.

Pampu, zigamba, guluu ndi chubu chapadera ikani pamalo posavuta kutulutsa. Foni, ndalama ndi mtedza wotafuna m'njira zikhale mukachikwama ka pahandulo, botolo la madzi pafulemu. Kumsana musabereke kanthu, kutentha kwa kumeneko sikocheza.

Mukamaliza palasani kaye kamtunda pang'ono, gwirani mabuleki mwadzidzidzi, chomwe chasuntha manganinso.