Galimoto ya miyezi itatu ku Mzuzu, panga chonchi

Mphwanga wafunsa kuti wapeza internship ya miyezi itatu ku Mzuzu pomwe iwe umakhala ku Blantyre, nde za galimoto upange bwanji. Choyamba imba foni kuntchitoko ufunse ngati amanyamula antchito, udziwenso komwe ukagone, chifukwa ukapeza nyumba pafupi ndi tauni kabaza ndi minibasi zikukwanira basi.

Ngati galimoto ikufunikadi, ya hayala yolipira pa tsiku iwalako, miyezi itatu ndalama yake siyamasewera. Bola kubwereka ya m'bale, koma mulemberane pa pepala kuti sevisi, matayala komanso pakachitika ngozi alipira ndani, ubale umatha ndi zinthu zomwezi ndithu. Kenako ona COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi kuti sizithera pakati uli konko, ndipo afunse a inshuwalansiwo ngati akulola munthu wina kuyendetsa, apa ambiri amaiwala. Kugula yakale kuti udzagulitse pomaliza ndi zotheka, koma tenga makaniki wako akaione kaye, ndipo kusintha umwini ku Road Traffic usachedwe nako.

Tsiku lopita nyamuka kusanache, M1 ndi yaitali, udutsa Lilongwe ndi Kasungu. Sunga ndalama za toll gate pa Chingeni ndi Kalinyeke, thira mafuta odzadza ku Kasungu, sipeya ndi jeke zikhalemo. Chonde Chikangawa usadutse usiku, chifunga cha kumeneko chimatseka msewu ndipo mathiraki amakhala ambiri.